Chala chikakana kuwongoka: kodi mnyamata asiye kunyamula zitsulo?

Mukadutsa pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula dzuwa litapendeka, suzumirani kuseri kwa magolosale ndi pansi pa mitengo ya nimu. Mupeza anyamata atavula malaya akulandizana chitsulo chachitali chomwe mbali zake zonse anamatako zitini za penti zodzaza simenti. Ena amakolekako magiya akale a thirakitala. Jimu yawo ndi imeneyo, ndipo ine sindiyinyoza. Mnyamata amene akukhetsa thukuta pachitsulo madzulo ndiye kuti nthawi imeneyo sali pa kachasu.

Mmodzi mwa anyamata otere anabwera ndi mayi ake pachipatala china cha m'chigwa chino pomwe ndinkagwira ntchito. Anali wa zaka 27, wamapewa ngati ng'ombe ya pangolo, ndipo ankapeza chakudya ponyamula matumba a chimanga ndi thonje pamsika. Wodandaula sanali iye, anali mayiwo.

"Adokotala, muuzeni mwanayu asiye zitsulo zakezi. Bambo ake zala ziwiri zinapindika, sathanso ngakhale kupisa dzanja m'thumba. Malemu agogo ake, obereka bambo akewo, analinso choncho. Tsopano taonani zomwe zayamba kutuluka m'manja mwa uyu."

Mnyamatayo anatambasula dzanja monyinyirika. M'chikhatho, m'munsi mwa chala chovala mphete, munali kachotupa kolimba, kukula kwake ngati nyemba, ndipo khungu la pambali pake linali litalowa m'kati ngati lakokedwa ndi ulusi. Chala chenichenicho chinkawongoka bwinobwino. Funso lake linali limodzi: "Ndiye ndisiye, adokotala?"

Yankho lomwe ndinamupatsa ndi lomwe ndikupatseni inu makolo ndi inu mavolontiya a zaumoyo. Asasiye chifukwa cha mantha, koma asapitirizenso asanadziwe chomwe chikupinda zala pamtundu pawo. M'chigwa chathu chino zala ziwiri zomwezo, chovala mphete ndi kachala kakumapeto, zimapindika pa zifukwa zingapo zosiyana, ndipo chimodzi mwa zifukwazo sichidikira munthu.

Chingwe cha m'chikhatho

Tsinani khungu la kunja kwa dzanja lanu. Likunyamuka mosavuta. Tsopano yesani kutsina la m'chikhatho. Likukana. Chifukwa chake n'chakuti pansi pa khungu la m'chikhatho pali nembanemba yolimba yomwe imaligwira kuti lisamatereretse pamene mwagwira mpini wa khasu kapena nkhafi. Pa matenda omwe achipatala timawatchula kuti Dupuytren, nembanemba imeneyi imayamba kukhuthala malo ena. Choyamba kuoneka ndi kachotupa, komwe nthawi zina kamapweteka pang'ono mukakadina. Pakapita zaka kachotupako kamatha kusanduka chingwe cholowera kuchala, chingwecho n'kumafupika pang'onopang'ono ngati chikopa chouma padzuwa, mpaka chala chigwadire m'chikhatho.

Si khansa, sipatsirana, ndipo fupa silikhala ndi vuto. Munthuyo amafumbata chibakera bwinobwino, chomwe chimamukanika ndi kutambasula. N'chifukwa chake ambiri amachedwa kubwera kuchipatala, popeza khasu akugwirabe. Amadzadandaula pamene chala chayamba kuwatosa m'diso posamba kumaso, kukodwa m'thumba la buluku, kapena pamene akulephera kuwomba m'manja pamaso pa amfumu. Dziwaninso kuti si aliyense wa kachotupa amene chala chimadzapindika. Ambiri kamakhala pomwepo zaka ndi zaka osasuntha.

Dzinali ndi la dokotala wa ku France, Guillaume Dupuytren, amene mu 1831 mumzinda wa Paris anadula chingwe chotere m'dzanja la munthu woyendetsa ngolo yokokedwa ndi mahatchi, ophunzira ake akuonerera. Iye ankati chinayambitsa ndi kufinya chikwapu zaka zambiri. Mukuona apa kuti mkangano wa mayi uja ndi mwana wake, woti kaya ndi ntchito kaya ndi kumtundu, watha zaka pafupifupi 200.

Lero mbali yaikulu ya mkanganowo inagamulidwa. Kafukufuku wa mapasa ku Denmark, yemwe anatuluka mu 2015, anapeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a chiopsezo cha matendawa amachokera kumtundu. Mu 2023 gulu la Hugo Zeberg wa ku Karolinska Institutet ku Sweden linapeza malo 61 m'majini a munthu okhudzana ndi matendawa. Apa ndiime kaye, chifukwa mawu oti majini anandiyambanitsapo ndi gogo wina yemwe anaganiza kuti ndikunena za mizimu. Majini a kuchipatala ndi malangizo a kapangidwe ka thupi omwe mwana amatengera kwa bambo ndi mayi ake, omwe aja amachititsa mwana kutenga mphuno ya amalume ake. Atatu mwa malo 61 aja anachokera kwa anthu akalekale otchedwa Neanderthal omwe ankakhala ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo ife a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara tili ndi zochepa kwambiri za anthu amenewo.

Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe matendawa ali ofala kumpoto kwa Ulaya, m'maiko monga Norway, Iceland ndi Scotland, makamaka mwa abambo opitirira zaka 50. Margaret Thatcher anachitidwa opaleshoni ya matenda amenewa mu 1986 ali nduna yaikulu ya Britain, Ronald Reagan nayenso mu 1989. Kwathu kuno ndi osowa, koma alipo. Madokotala a ku South Africa ndi ku Zimbabwe analemba za odwala akuda a matendawa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Choncho wina akakuuzani kuti "amenewo ndi matenda a azungu okha", walakwa. Koma winanso akamathamangira kutchula Dupuytren pa chala chilichonse chopindika cha ku Makhanga kapena ku Chapananga, walakwa koposa.

Nanga zitsulo zikulowapo bwanji?

Dokotala wa ku France uja sanaphonye kwathunthu. Akafukufuku atasonkhanitsa zotsatira za m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti matendawa amapezeka kwambiri mwa anthu omwe agwira ntchito yolemetsa ya manja kwa zaka zambiri, makamaka ogwira makina onjenjemera monga oswera miyala ndi opalira zitsulo. Ku Britain mu 2005 anafunsa amuna okwera matanthwe ndi manja ngati masewera, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anali ndi zizindikiro za matendawa. Anthu amenewa amalendewera thupi lonse pa nsonga za zala kwa zaka makumi.

Tanthauzo lake ndi ili: mbewu imachokera kumtundu, ntchito yofinya chikhatho kwa zaka zambiri imatha kuithirira. Mwana wanu amene kumtundu kwake kulibe matendawa, chitsulo cha madzulo chisakusowetseni tulo. Amene kumtundu kwake alipo, ayenera kusamala kagwiridwe. Koma kusiya chitsulo sikusungunula chingwe chomwe chapangika kale. Ndipo tinene zoona, mnyamata uja ankagwira chitsulo mphindi 40 patsiku, pomwe matumba ankawakoka ndi zala kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wodula nzimbe ku Nchalo kapena ku Kasinthula amafinya chikwanje tsiku lonse nyengo yonse yokolola. Kumuuza munthu wotere kuti apumitse manja ndi kumuuza kuti ana ake agone ndi njala. Ine sindipereka uphungu womwe munthu sangautsate.

Pali zina zomwe zimayenda limodzi ndi matendawa zomwe munthu angathe kuchitapo kanthu: matenda a shuga, kumwa mowa kwambiri ndi kusuta fodya. Amapezekanso kawirikawiri mwa odwala khunyu omwe amwa mankhwala monga phenobarbitone kwa zaka zambiri. Pamenepa mavolontiya mumve bwino: wodwala khunyu asasiye mankhwala chifukwa cha chala. Chala chopindika sichipha, koma kugwera pamoto kapena mumtsinje wa Shire kumapha.

Musanade nkhawa ndi chotupa chilichonse m'manja mwa mnyamata wa zitsulo, kumbukirani kuti chofala kwambiri ndi khungu longokhuthala chifukwa cha kukhuzika, ngati la mlimi aliyense. Limakhala pamwamba, pamizu pa zala zonse zinayi, m'manja monse muwiri, ndipo munthu akapuma masabata angapo limafewa n'kusupuka. Kachotupa ka Dupuytren kamakhala pansi pa khungu, kamalikokera m'kati, ndipo sikachoka ngakhale munthu apume.

Zala zomwezo, nthenda ina

Tsopano tifike pa chifukwa chija ndinati sichidikira. Gundani chigongono pa mpando, mumva ngati magetsi athamangira kukachala kakumapeto. Mwagunda mtsempha wonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi dzanja. M'Chichewa mawu oti mtsempha timatchulira zinthu zitatu, wa magazi, wokoka chala ndi wa mauthenga, choncho pano gwirani wachitatuwo. Mtsempha umenewu ndi womwe umapereka mphamvu ku timinofu ta m'dzanja komanso kumva kwa kachala kakumapeto ndi theka la chala chovala mphete. Ndiwonso mtsempha womwe kachilombo ka khate kamakonda kuwononga m'dzanja. Ukafa, zala ziwiri zomwe zija zimakhota ngati zikhadabo za kabawi.

Choopsa n'chakuti khate nalo limaoneka ngati la kumtundu. Agogo anali nalo, bambo ali nalo, mwana wayamba. Anthu amati ndi magazi a banja limenelo, ena amati anawalodza pa mlandu wa munda, ndipo palibe amene amapita kuchipatala. Si ife tokha tinasokonezekapo. Ku Norway komwe, madokotala akuluakulu ankaphunzitsa kuti khate ndi lobadwa nalo, mpaka mu 1873 pomwe Gerhard Armauer Hansen wa mumzinda wa Bergen anaona kachilombo kake pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Khate limayenda m'banja chifukwa anthu a banja limodzi amapuma mpweya wa nyumba imodzi kwa zaka. Kachilomboka kamatuluka m'mphuno ndi m'kamwa mwa wodwala yemwe sanayambe mankhwala, ndipo kamatha kukhala m'thupi zaka 5, mwinanso mpaka 20, zizindikiro zisanaoneke.

Ambiri mwa inu munamva kuti khate linatha m'Malawi. Chomwe chinachitika mu 1994 n'chakuti odwala anachepa kufika pa osakwana mmodzi mwa anthu 10,000 alionse, womwe ndi mlingo wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Kuchepa si kutha. Chaka chilichonse zipatala za m'dziko muno zimapezabe odwala atsopano, ndipo padziko lonse amapezeka pafupifupi 200,000 pachaka. Mawu oti linatha aja anatigoneka tulo tonse, achipatala ndi anthu a m'mudzi omwe.

Kusiyanitsa ziwirizi sikulira makina. Inu mavolontiya mungathe kuyamba ndi bolopeni ndi kathonje, ndipo thonje kuno sitigula.

Muuzeni munthuyo atsinzine. Mukhudzeni pang'ono ndi nsonga ya bolopeni pa kachala kakumapeto ndi m'mphepete mwa chikhatho, iye aloze pomwe mwakhudza. Wa Dupuytren amamva paliponse. Wa khate amaphonya, kapena amanena kuti mbali imeneyo ili dzanzi. Kenako gwirani chala chopindikacho, muyese kuchiwongola mofatsa. Pa khate lomwe langoyamba kumene chala chimalola kuwongoka m'manja mwanu, mukachisiya chimabwerera, chifukwa vuto ndi kufooka. Pa Dupuytren chimakana, ndipo mumaona chingwe chikutukuka m'chikhatho ngati nsinga ya uta. Yang'ananinso mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kunja kwa dzanja. Ukaphwa n'kusiya dzenje, mtsempha wa mauthenga wavulala. Pomaliza, pamalo pobisika ndipo munthuyo atavomera, onani khungu la kumsana, m'mikono ndi m'ntchafu. Banga loyererako kapena lofiirira, losayabwa, lomwe munthu samva mukalikhudza ndi thonje, ndi lofunika kuonedwa kuchipatala sabata yomweyo.

Ndikuti sabata yomweyo chifukwa mtsempha womwe wangoyamba kufooka, miyezi 6 isanathe, umatha kupulumutsidwa ndi mankhwala ochotsa kutupa omwe timapereka kuchipatala. Ukafa kwa chaka kapena ziwiri, kachilombo tidzapha koma dzanja silibwerera mwakale. Mankhwala a khate ndi aulere. Amamwedwa miyezi 6 kapena 12 malinga ndi kuchuluka kwa matenda, ndipo munthu akangoyamba kumwa sapatsiranso ena. Palibe chifukwa chomupatulira mbale kapena kumumangira kanyumba kumapeto kwa mudzi. A pakhomo pake nawo ayenera kuyezedwa.

Mnyamata wa dzanja ladzanzi ndiye amene chitsulo chingamupweteke zenizeni. Thuza limatuluka iye osamva, limaphulika, amagwiranso chitsulo mawa lake, chilonda chimalowa mpaka pafupa. Zala za odwala khate sizidukaduka zokha monga anthu amanenera, zimatha ndi zilonda zosamvedwazi. Ameneyu aime kaye mpaka achipatala amuuze, ndipo aphunzire kuyang'ana manja ake madzulo alionse, kuwaviika m'madzi ndi kuwadzoza mafuta.

Kwa ana

Chala cha mwana chikapindika, Dupuytren ikani kumapeto kwenikweni kwa maganizo anu. Ana ena kachala kakumapeto kamakhota pa mfundo yapakati kuyambira ali akhanda kapena pamene akutha msinkhu, kosapweteka, m'chikhatho mopanda chingwe, ndipo izi nazonso zimatha kuyenda kumtundu. Kwa amenewa kuwongola chala mofatsa tsiku ndi tsiku ndi kumangirira kathabwa komwe achipatala akupatsani kumathandiza, makamaka mukayamba msanga.

Koma ana ambiri a zala zopindika omwe ndawaona ndi opsa ndi moto, mwana wokwawa yemwe anagwira khala kapena anapisa dzanja m'phala. Chilonda chikamapola chimakoka, ndipo zala zikamangidwa pamodzi zitafumbata, zimapola zitafumbata. Thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osapaka dzira kapena mankhwala otsukira mano, ndipo kuchipatala funsani kuti chala chilichonse chimangidwe pachokha chitawongoka. Winanso ndi mwana wogwa mumtengo wa mango yemwe wathyoka pachigongono n'kumangidwa zolimba kwambiri kumudzi. Akamalira kuti zala zikupweteka, zatupa kapena zazizira, masulani muthamange naye usiku womwewo. Ana omwe zala zinapindika kale amathandizidwa ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala cha mafupa chomwe chinatsegulidwa mu 2002 ndipo ana salipira. Yambirani kuchipatala cha boma kuti akulembereni kalata.

Akhale pachitsulo, koma motere

Tibwerere kwa mnyamata wathu, yemwe bolopeni ankaimva paliponse ndipo pakhungu analibe banga. Ndinamupempha kuti andifotokozere chitsulo chake. Chinali chija chomangira nyumba, chamizeremizere, chowonda ngati chala. Palibe chitsulo choipa kuposa chimenecho pa chikhatho cha munthu wotere. Kulemera konse kumagwera pa kamzere kamodzi, pomwepo pamene pali kachotupa. Ndinamuuza apeze paipi yosalala yonenepako, akulunge pogwirira ndi mphira ya chubu chakale cha njinga kapena nsalu yokhuthala, ndipo avale magolovesi ngati angawapeze pakaunjika. Chogwirira chikanenepa, kulemera kumagawanika m'dzanja lonse.

Pa masewera okoka cholemera kuchokera pansi, ndi olendewera pamtengo, m'pomwe chikhatho chimafinyika kwambiri. Apa lamba wa nsalu wozunguliza pamkono ndi pachitsulo amalanda gawo la ntchito ya zala. Anzake akhoza kumuseka kuti akubera, koma onyamula zitsulo a m'mipikisano amachita zomwezo pokonzekera. Achepetse kulemera, achulukitse maulendo onyamula. Kachotupa kakapweteka kapena kufiira pambuyo pa masewera ena ake, amenewo awasinthe kagwiridwe kapena awasiye masabata awiri. Miyendo, msana ndi mimba zili ndi masewera ambirimbiri osalira kufinya kanthu, monga kunjuta atasenza thumba la mchenga paphewa.

Chala chikayamba kupindika pamabwera zinthu ziwiri zatsopano. Choyamba, asachikakamize kugona pansi pochita masewera odzikankha ndi manja. Atsamire pa zibakera kapena agwire timatabwa tiwiri. Kuchiponda ndi thupi lonse, kuchikoka ndi dzanja linalo mpaka kulira, kapena kuchimangirira ku thabwa usiku wonse sikutalikitsa chingwe cha Dupuytren. Chimangong'amba khungu ndi kutupitsa mfundo. Apa m'posiyana ndi kachala ka mwana kaja. Chachiwiri, dzanja lomwe silitseguka lonse silizungulira chitsulo bwino, ndipo silichitaya msanga zikavuta. Asanyamule cholemera pamwamba pa nkhope kapena pachifuwa popanda mnzake woima kumutu. Zitini ziwiri za simenti zikagwera pakhosi, nkhani ya chala imakhala yaing'ono.

Ndipo poti tili m'chigwa momwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, thukuta la m'manja lokha limatereretsa chitsulo. Anyamule m'mamawa kapena dzuwa litalowa, ali ndi chigubu cha madzi pambali.

Chomaliza chomwe ndinamupatsa ndi muyeso wa patebulo, womwe unatchuka ndi dokotala wa ku Australia, John Hueston. Ikani dzanja chafufumimba patebulo kapena pabenchi yosalala. Ngati chikhatho ndi zala zonse zagona pansi popanda mpata, palibe chofunika kudula. Chitani zimenezi kamodzi pamwezi, dzanja lililonse. Amene ali ndi foni ajambule dzanjalo cha m'mbali, kuti chithunzi cha Januwale adzachifananize ndi cha Juni, popeza maso amazolowera chinthu chosintha pang'onopang'ono. Tsiku lomwe pansi pa dzanja padzayambe kulowa pensulo ndi tsiku lopita kuchipatala. Matendawa akayamba munthu asanafike zaka 50, m'manja monse muwiri, kumtundu aliponso, amakonda kuthamanga. Zotupa zolimba zonga zomwezi kuphazi, kapena kukhota kwa chida cha abambo pamene chadzuka, ndi abale a nthenda yomweyi. Munthu asachite manyazi kutiuza, zimatithandiza kudziwa kuti timuone pafupipafupi.

Chikapindika, chithandizo chilipo

Palibe mankhwala akumwa kapena opaka omwe amasungunula chingwechi. Chithandizo ndi kuchidula kapena kuchichotsa. Njira yaing'ono ndi yoti dokotala amabaya dzanzi n'kudula chingwe ndi nsonga ya jakisoni, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Imachira msanga koma chingwe chimabwereranso msanga, kawirikawiri m'zaka zochepa. Njira yaikulu ndi opaleshoni yotsegula chikhatho n'kuchotsa nembanemba yodwalayo. Imakhalitsa, koma dzanja limafuna masabata 6 mpaka 12 lisanabwerere ku chikwanje kapena chitsulo, komanso mafizo. Kwa wodula nzimbe kapena mlimi wa thonje, kambiranani ndi adokotala kuti tsiku la opaleshoni ligwe kunja kwa nyengo ya ntchito. Madokotala amayamba kuganiza zodula pamene mfundo ya patsinde pa chala yapindika madigiri 30, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ngodya ya khoma la nyumba, kapena pamene mfundo yapakati yayamba kupindika ngakhale pang'ono. Yapakatiyo ikakhalitsa imauma, ndipo ngakhale chingwe chichotsedwe siwongoka yonse.

Yambirani kuchipatala chaching'ono cha kwanu, akutumizeni kuchipatala chachikulu cha boma la Chikwawa kapena la Nsanje kwa achipatala oona za mafupa. Iwo akaona kuti m'pofunika adzakukwezani chitunda cha Thabwa kupita ku Gulupu, ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Chomwe ndikukupemphani ndi chimodzi: musalole kuti m'chikhatho mutemedwe mphini kapena wina ayese kudula chingwecho ndi lezala. Mitsempha ya magazi ndi ya mauthenga ya chala imayenda mogundana ndi chingwecho, nthawi zina mochizungulira ngati chilambe pamtengo. Dokotala amene anaiphunzira amaisaka mosamala ali ndi nyali yowala. Lezala la kumudzi likaidula, chala chimafa dzanzi mpaka kalekale, ndipo chipsera chake chimawonjezera kukoka.

Mayi aja ndinawapempha kuti abwere ndi bambo a mnyamatayo, chifukwa dzanja lofunika kuonedwa msanga linali lawo. Anabwera patatha masabata atatu, pa kabaza, ali ndi zaka 61. Bolopeni ankaimva, mabanga analibe, ndipo zingwe ziwiri zinali zitatukuka m'dzanja lamanja moonekera patali. Inali Dupuytren yeniyeni, yoyamba yomwe ndinaiona ndi maso anga chimalizireni sukulu. Titawayeza magazi tinapeza shuga wokwera kwambiri yemwe sankamudziwa, ngakhale anavomera kuti kwa chaka chathunthu ankadzuka kanayi usiku kukataya madzi. Tinayamba ndi shugayo, popeza chilonda cha opaleshoni sichipola bwino shuga ali pamwamba, kenako tinawalembera kalata ya ku Blantyre.

Mnyamatayo anadzandionetsa chithunzi cha paipi yake yatsopano itakulungidwa ndi mphira yakuda. Dzanja lake linkagonabe lonse patebulo. Mayi ake sanakhutire kwenikweni. Potuluka anandiuza kuti iwo akanakonda akanangosiya, ndipo anafunsa ngati angabweretsenso mwana wawo wamkazi wa ku Ngabu, yemwe akuti ali ndi banga kumsana lomwe silimva kuyabwa. Ndinawauza kuti abwere naye Lolemba.